Miyezi 10 chiikireni masipika ndi zochepetsa phokoso m'zitseko za galimoto yanga

Mu Epulo chaka chatha ndinamasula zitseko zonse zinayi za Toyota Corolla Fielder yanga pakhomo panga ku Luchenza, n'kuchotsa masipika amene inabwera nawo kuchokera ku Japan, omwe pepala lake linali litang'ambika m'mphepete moti ankangolira ngati chitini. M'malo mwake ndinaika atsopano a mainchesi 6.5 ndi ma ohm 4, ndipo ndinamata zochepetsa phokoso pa chitsulo cha mkati mwa chitseko chilichonse. Ndadikira kuti galimotoyi idutse m'chiperoni, m'dzuwa la Okutobala ndi m'mvula ya dzinja ndisanalembe kanthu, chifukwa tsiku loyamba ntchito iliyonse imaoneka yabwino.

Masipikawo sanandikhumudwitse. Pa bokosi pake panalembedwa mawatsi mazanamazana, koma nambala yofunika ndi ya RMS, yosonyeza mphamvu imene sipika imapirira mosalekeza, yomwe imakhala yaing'ono kwambiri, ndipo wailesi wamba ya m'galimoto imapereka mawatsi pafupifupi 20 a RMS ku sipika iliyonse. Mphamvu imeneyo yandikwanira popanda ampulifaya, chipangizo chowonjezera mphamvu yopita ku masipika. Mawu a owerenga nkhani amamveka bwino ngakhale pamene injini ikukuwa pa zitunda za pakati pa Thyolo ndi Bvumbwe, koma amene akufuna besi yogwedeza mpando asayembekezere kuipeza m'chitseko. Masipika akale aja anali omangidwa ndi ma rivet, timisomali tosamasuka ndi sikuludiraiva, choncho ndinachita kuboola ma rivet-wo ndi dirilo. Ndisanatseke chitseko ndinkagunditsa mawaya a sipika pa batire ya 1.5V ya tochi kuti ndione ngati pepala likutulukira kunja, pakuti sipika imodzi ikalumikizidwa mosemphana ndi inzake besi imazimiririka.

Nkhani yaikulu ili pa zomatazo, ndipo ndi pomwe ndinalakwitsa. Zitseko zakutsogolo ndinamata mapepala enieni a butyl, mtundu wa labala womata, okhala ndi aluminiyamu pamwamba, amene mlamu wanga anabwera nawo kuchokera ku Johannesburg. Mapepalawo atatha, ndinaganiza kuti ndachenjera pogula flash band ya phula, yomwe anthu amamatira malata odontha, n'kumalizira nayo zitseko zakumbuyo, popeza pamaso zimaoneka zofanana. Mpaka Ogasiti panalibe kusiyana. Mu Okutobala galimoto itakhala padzuwa tsiku lonse pa Chitakale, ndinatsegula chitseko n'kulandiridwa ndi fungo la msewu womwe akuuthira tala, ndipo mayi a kunyumba anakana kukwera mpaka titatsitsa magalasi onse. Nditachotsa chivundikiro cha mkati mwa chitseko ndinapeza kuti phula lafewa, latsetsereka kufika pansi, ndipo chidutswa china chamatirira pa njanji ya galasi, n'chifukwa chake galasi lakumanzere linkakwera movutikira ndi kutuluka ndi mzere wakuda. Kupala phulalo ndi parafini kunanditengera Loweruka lathunthu. Butyl yakutsogolo ili momwe ndinaisiyira, ngakhale ngodya imodzi sinatukuke.

Chinanso chimene sindinkachiganizira n'chakuti mkati mwa chitseko ndi monyowa mwachibadwa. Madzi amalowa potsata galasi, amatsikira mkati, n'kutulukira pa timabowo ta pansi pa chitseko. Kuno kumene chiperoni chimatha kuwaza masiku angapo osalekeza mu Juni ndi Julayi, mkatimo simuuma msanga. Mphete zokhazikapo masipika ndinazidula pa thabwa la MDF, la utuchi wopanikiza, osazipaka kanthu, ndipo pofika Januwale ya kumanja inali itafufuma ngati buledi woviikidwa mu tiyi, zomangira zitamasuka, sipika ikugogoda pa besi iliyonse. Ndinadula zina pa plywood, n'kuzipaka vanishi katatu ndi m'mbali momwe. Za pulasitiki zikanaposa zonsezi. Ndinapezanso kuti kachidutswa kena ka phula lija kanatseka bowo limodzi lotulukira madzi, ndipo m'menemo munali matope ndi kuyamba kwa dzimbiri, zomwe zinandiopsa kuposa za masipika. Pepala la pulasitiki limene limakhala kuseri kwa chivundikiro musalitaye ngati chinyalala, chifukwa ndi limene limaletsa madziwo kufika pa nsalu ndi pa mabatani a magalasi. Ine ndinalibwezera, ndipo mbali imeneyo ndi youma mpaka lero.

Pa za phokoso lenilenilo ndiyenera kunena mosakokomeza. Butyl imalemeretsa chitsulo kuti chisanjenjemere, koma sitseka phokoso lochokera kunja. Mukagogoda chitseko chakutsogolo ndi chala chimamveka ngati thabwa lochindikala, pamene kale chinkalira ngati mgolo wopanda kanthu, ndipo chimatsekeka mofatsa. M'misewu ya miyala ya m'minda ya tiyi popita ku Likhubula, kulira kwa zitsulo kumene kunkanditopetsa kunatheratu. Koma pa tala wa M2 phokoso la matayala lidakalipo pafupifupi monga kale, chifukwa limalowera pansi ndi m'malo a matayala, kumene sindinakhudze. Sindinamate chitseko chonse. Kuseri kwa sipika ndi pakati pa malo otambalala kunakwanira, nditapukuta fumbi lofiira ndi sipiriti ndi kukanikiza kwambiri ndi chogwirira cha sikuludiraiva kuti pasatsale mpweya.

Mapini apulasitiki ogwira chivundikiro amathyoka mosavuta pa galimoto yakale, ndipo ine ndinathyola 5 tsiku loyamba lomwelo, choncho gulirantuni ena musanayambe.

Zitseko zakumbuyo zidakali zopanda chomata chilichonse chipalireni phula lija, ndipo kusiyana kwake ndi zakutsogolo kumamveka ngakhale kwa ana akamazimenyetsa. Mlamu wanga akubwera pa Pasaka, ndipo ndamutumizira kale muyeso wa zitseko ziwirizo.