Tenti yophimbira pulinta ya 3D: yothandiza pa ABS, yosokoneza pa PLA

Zinthu zopangidwa ndi pulinta ya 3D ya filamenti zimakonda kuthyokera malo amodzi, pamene mzere wina wa pulasitiki wakumana ndi unzake. Pulinta imasungunula filamenti, yomwe ndi ulusi wa pulasitiki, n'kumayala pulasitikiyo mzere pamwamba pa mzere, ndipo kuti mizere iwiri igwirane zenizeni, wapansiwo uyenera kukhala udakali wofunda pamene wapamwamba ukufika, kuti pulasitiki wa mbali zonse ziwiri alowererane. Wapansi ukazizira msanga, mizereyo imangosanjikizana popanda kulumikizana kwenikweni, ndipo chinthucho, ngakhale chioneke chosalala bwanji, chimang'aluka ukachikoka motsata msinkhu wake. Tenti yophimbira pulinta imene ndikuiunika pano inapangidwira vuto limeneli.

Tentiyi ndi ya nsalu yokhuthala, yakuda kunja, yokutidwa ndi aluminiyamu wonyezimira mkati. Ili ndi chimango cha mapaipi achitsulo olumikizidwa ndi zigongono zapulasitiki, zenera loonekera kutsogolo lotsekedwa ndi zipi, komanso timabowo todutsira mawaya ndi filamenti. Kuimanga sikufuna chida chilichonse. Chofunika kudziwa musanagule n'chakuti ilibe chotenthetsera chakechake: kutentha konse kwa mkatimo kumachokera ku bedi la pulinta, malo otenthetsedwa amene chinthu chimapangidwirapo, ndipo ntchito ya nsaluyo ndi kusunga kutenthako ndi kutchinga mphepo.

Pa ABS m'pamene phindu lake linaonekera. Pulasitiki ameneyu amayamba kuuma akatsika pansi pa madigiri 105 a Celsius kapena chapompo, ndipo pozizira amakhwinyata kwambiri, n'chifukwa chake ngodya za chinthu chachikulu zimatukuka pabedi, kapena khoma lalitali limang'ambika chapakati ntchito ili mkati. Nditaika bedi pa madigiri 100 n'kutseka zipi, kachipangizo koyezera kutentha kamene ndinakoleka mkati kanakwera pang'onopang'ono mpaka kufika cha m'ma 40. Chiwerengerochi n'chochepa poyerekeza ndi 105, komabe chinali chokwanira kuti ngodya zikhale pansi ndipo makoma asang'ambike. Ndinapanga timbedza tofanana, tina zipi ili yotsegula, tina ili yotseka, tonse titaimirira kuti mphamvu yokoka igwere pamalumikiziro a mizere, kenako ndinatipana n'kutithyola. Topangidwa poyera tinaduka mwaukhondo, pothyokapo pali posalala ndiponso ponyezimira, motsata mzere umodzi kuyambira uku mpaka uko. Ta m'tenti tinalimbalimba kaye, ndipo pothyokapo panali pokhakhala, potuwa, mng'alu utadumphira mizere ingapo, chomwe ndi chizindikiro chakuti pulasitiki yemweyo ndiye wagonja, malumikiziro asanamasuke.

Komabe sikungakhale chilungamo kupereka ulemu wonse kwa tentiyi, chifukwa fani yoziziritsa chinthu chimene chikupangidwa ili ndi mphamvu yoposa imene ambiri amaiganizira. Ikamazungulira mwamphamvu, imaziziritsa mzere uliwonse nthawi yomweyo, ndipo phindu la tenti limatheratu ngakhale zipi ikhale yotseka. Pa ABS ndimaitsitsa kwambiri mu pulogalamu yokonzera mizere, n'kuilola kuti ikwere pokhapokha pamene pulasitiki akudutsa pamalo opanda chomuchirikiza pansi, kapena pa tizigawo tating'ono timene mzere wotsatira umafika wapansi usanalimbe n'komwe. Kukweza kutentha kwa nozzle (kamlomo kotulutsira pulasitiki wosungunuka) ndi madigiri 5 kapena 10, osapyola malire olembedwa ndi wopanga filamenti, kumathandizanso mizere kugwirana, ngakhale kuti kumabweretsa timaulusi ndipo m'mbali zopendekeka mumaoneka molendewera. Apa munthu amasankha yekha pakati pa kukongola ndi kulimba, ndipo kwa chinthu chodzanyamula katundu ine ndimasankha kulimba.

Pa PLA nkhani imatembenuka. Pulasitiki ameneyu amafewa pa madigiri 60 okha, choncho mpweya wa m'tenti ukafunda, fani yoziziritsa kumtunda kwa mutu wa pulinta imangopemerera mpweya wofundawo, kutentha kumakwera m'njira ya filamenti, ndipo filamentiyo imafewa isanafike posungunulira n'kutseka njira. Zikatero giya yokankha imangoikukuta, mutu n'kumayendayenda m'mwamba osatulutsa kanthu. Mankhwala ake ndi kusiya zenera lotsegula, zomwe zikutanthauza kuti munthu wogwiritsa ntchito PLA yekha ndiye kuti wangogula chotchingira fumbi. PETG, pulasitiki wina amene amafewa cha pa madigiri 80, ali pakatikati: mphepo ikatchingidwa amayenda bwino, koma safuna kutsekeredwa kotheratu.

Pali chifukwa chimene mapulinta otsika mtengo anakhalira osaphimbidwa kwa zaka zambiri. Scott Crump, amene anatulukira njira yopanga zinthu poyala mizere ya pulasitiki wosungunuka n'kukhazikitsa kampani ya Stratasys mu 1989, anali ndi patenti (chikalata choletsa ena kukopera luso lake) imene inatha mu 2009, ndipo mapulinta apanyumba anachuluka kuchokera pamenepo. Koma patenti ina ya kampaniyo, yokhudza chipinda chotenthetsedwa chimene mamota ake ali kunja, inatha mu 2021, ndipo m'zaka zotsatira m'pamene pafala mapulinta apatebulo okhala ndi chotenthetsera chofikitsa chipinda cha m'ma 60. Mfundo yoika mamota kunja ndiyo imene tenti siingakwanitse, pakuti imameza zonse pamodzi: mamota, bolodi yoyendetsera pulinta, ndi bokosi lamagetsi. Zipangizo zimenezi sizikondwa ndi kutentha kwa maola ambiri, choncho ngati mawaya akulola, bokosi lamagetsi ndi bolodi ndi bwino kuzitulutsa kunja. Pa chifukwa chomwecho sindilimbikitsa kuikamo chotenthetsera chapadera pofuna kupanga zinthu zazikulu za pulasitiki wa polycarbonate, amene amafuna chipinda chotentha kwambiri.

Zofooka zina n'zazing'ono koma zotopetsa. Mkati ndi mwamdima moti pamafunika nyale kuti uone mzere woyamba, zipi imakodwa m'ngodya, ndipo tenti imatenga malo aakulu kuposa pulinta chifukwa bedi loyenda kutsogolo ndi kumbuyo limafuna danga. Chachikulu n'chakuti ilibe sefa. ABS akamasungunuka amatulutsa mpweya wa styrene ndi tinthu tosaoneka ndi maso, ndipo tenti imangozisunga mpaka mutatsegula zipi, choncho chipinda chiyenera kukhala chopita mphepo. Ogulitsa amanenanso kuti nsaluyi siigwira moto msanga, koma zimenezo sizilowa m'malo mwa kutsimikiza kuti pulinta ili ndi chitetezo chozimitsa chotenthetsera kutentha kukasokonekera.

Kwa amene amapanga zipangizo za ABS kapena ASA (pulasitiki wofanana ndi ABS) pa pulinta yosaphimbidwa, tentiyi ndi yoyenera kugula, malinga azolowere kutenthetsa bedi kwa mphindi 15 kapena 20 zipi ili yotseka asanayambe, ndiponso kusiya chinthu chizizirire momwemo ntchito ikatha, chifukwa kuchitulutsa chikadali chotentha kungachipinde.