Ya magetsi kapena ya petulo? Mashini otsukira a presha pa geni yaing'ono

Anzanga amene mukufuna kuyamba geni yotsuka magalimoto, makhonde, makoma ndi zina zotere, ndinene kaye kuti ambirife timapusitsika ndi nambala ya bar yolembedwa mokuza pa katoni paja. Bar ikungokuuzani mphamvu imene madzi akumenyera litsiro kuti limatuke, koma chomwe chimathetsa ntchito msanga ndi malita amene mashini akulavula pa mphindi imodzi, poti ndi madziwo amene amakokolola zomwe zamatukazo. Ine ndinayamba ndi kamashini ka pakhomo ka 130 bar, malita 7 okha pa mphindi, khonde limodzi ndinkathera theka la tsiku kasitomala ataima pompo akuyang'ana wotchi.

Ya magetsi ubwino wake ndi woti siisokosa ngati ya petulo, ilibe utsi, mutha kugwira nayo mu garaji kapena mkati mwa nyumba, ndipo zambiri zimazima zokha mukasiya kufinya mfuti yopopera madzi. Koma musamangoti ya magetsi basi, zilipo mitundu iwiri. Zotchipa zija zili ndi mota ya mabulashi, yopepuka, yolira kwambiri, anaipangira munthu wotsuka galimoto yake Loweruka lokha, mukaiyendetsa tsiku lonse imatentha mabulashi nkutha. Ya geni imafuna induction motor, mota yopanda mabulashi, yolemera inde koma imapirira. Ngakhale Kärcher, kampani yopanga mashiniwa, ili ndi magulu awiri, za K ndi za pakhomo, za HD ndiye za ntchito. Vuto lake mumangidwa ndi chingwe, komwe kulibe soketi ntchito yaima, ndipo chingwe chowonjezera chikakhala chowonda komanso chachitali mota imavutika.

Ya petulo ndiye ufulu, mumapita kulikonse bola mwanyamula thanki ya madzi, ndipo kupeza ya 200 bar ndi malita 12 kapena 15 pa mphindi si kovuta. Mainjini ngati Honda GX amakanika ambiri amawadziwa. Koma phokoso, oyilo wosintha, plagi, fyuluta, zonsezo ndi zanu. Ndipo chonde abale musaiyatse malo otsekeka, utsi wake uli ndi carbon monoxide, mpweya wosanunkha koma wakupha. China chomwe anyamata a ntchito amaiwala, mukasiya mfuti injini ikulirabe madzi amangozungulira mu pampu nkumatentha, mphindi zochepa chabe masiilo ayamba kuonongeka, ndiye foni ikalira zimitsani kaye.

Pampu ndiye mtima wa zonse, apa ndikhalitsepo. Pali axial, yomwe imakhala pa mashini otchipa kaya a magetsi kaya a petulo, nthawi zambiri ikafa mumangochotsa yonse kuika ina. Pali triplex, ya mapisitoni atatu a ceramic oyendetsedwa ndi crankshaft, siitentha msanga, mumasintha oyilo, masiilo ndi mavalavu akatha mumagula okhawo nkupitiriza ntchito. Mayina a makampani ngati Annovi Reverberi, Interpump kapena Cat Pumps mukawaona pa pampu dziwani kuti masipeya ake alipo. Kwa ine bola ya magetsi ya triplex kusiyana ndi ya petulo ya axial, ngakhale yachiwiriyo imaoneka yoopsa ndi matayala ake aakulu.

Za madzi otentha, zokhala ndi bena ya dizilo yotenthetsa madziwo, gulani pokhapokha ngati ntchito yanu ndi girisi ndi oyilo, apo ayi ozizira ndi sopo akwanira.

Ndiye ngati muli ndi malo okhazikika otsukira magalimoto ndipo magetsi alipo, tengani ya magetsi ya induction ndi triplex, penti wa galimoto safuna presha yoopsa, nozo (kachitsulo ka kunsonga kwa mfuti kotambasula madzi) yoyera ya madigiri 40 kapena yobiriwira ya 25 yakwana, yofiira ya 0 ija imadula mphira ngakhale khungu la munthu. Ngati mukuyenda kwa makasitomala kutsuka mabwalo aakulu, petulo, koma musanapereke ndalama yezani kaye ndi ndowa ngati mpopi kapena thanki yanu ikutha kupereka malita amene pampuyo ikufuna, poti pampu yosowa madzi siichedwa kufa.