Makina a utsi aja patatha miyezi 9: yankho kwa achimwene a ku Ngabu

Achimwene ena a galaja ku Ngabu afunsa ngati makina otulutsa utsi wofufuzira mabowo pa galimoto amene tinagula pa galaja yathu kuno ku Nchalo ndi oyenera kuwatayira ndalama. Ali ndi galimoto yomwe ikubwerabwera ndi P0456, nambala ya vuto imene kompyuta ya galimoto imalemba nthunzi ya petulo ikamathawa. Asintha chivindikiro cha thanki kawiri, nyali ya check engine osasiya kuyaka.

Zabwino zake n'zosachita kufotokoza kwambiri. Amakoka moto pa batire ya 12V, utsi suchedwa kutuluka, ndipo amadya baby oil wamba. Amakankha mpweya pang'ono, pafupifupi 0.5 psi, mlingo woyenera ntchitoyi. Kompuresa musayerekeze, idzawononga sensa ya thanki.

Manambala ngati P0456 amanena kukula kwa bowo lomwe nthunzi ya petulo ikuthawira. P0455 ndi bowo lalikulu, kawirikawiri chivindikiro chosamanga kapena payipi yovuka. P0442 ndi la pafupifupi 1 mm, P0456 ndi la 0.5 mm, lovuta kuliona ndi maso. Si galimoto iliyonse imadziyeza motere, makamaka ndi zopangidwira msika wa ku America. Musanalowetse utsi tsekani vent valve, valavu yopumira ya thanki, chifukwa mwachibadwa imakhala yotsegula ndipo utsi ungotulukira pamenepo. Itsekeni ndi sikana, kachipangizo kolumikiza ku kompyuta ya galimoto, kapena ipatseni 12V ngati ndi ya mawaya awiri. Purge valve, yomwe imalowetsa nthunzi ya petulo mu injini, ndi yosiyana: injini ikazima iyenera kukhala yotseka. Ichotseni, ipopeni utsi mbali imodzi, ukatulukira mbali inayo ndiye kuti yatha. Injini ikhale yozima, pamthunzi popanda mphepo, tochi m'manja, fodya kutali.

Chomwe chatisowetsa mtendere ndi mphira yolumikizira payipi ya makinawa. Kutentha kwa mu Okutobala kunaiumitsa mpaka inang'aluka m'khosi, pamalo obisika. Makinawa ali ndi kampira m'kagalasi kosonyeza mpweya umene ukudutsa. Pakakhala palibe bowo kamatsika mpaka pansi, pakakhala bowo kamayandama. Mphira itang'aluka, kampira kanayamba kuyandama pa galimoto iliyonse, ngakhale yabwinobwino, ndipo utsi wothawa pamng'alu unali wochepa moti masana sunkaoneka. Thanki ya galimoto ina inatsitsidwa pachabe, tsiku lonse la ntchito yosalipidwa. Tsopano lamulo pa galaja ndi lakuti tiyambe tayeza makinawo: tseka kumapeto kwa mphira ndi chala, kampira kakapanda kugwa, wolakwa ndi makina, osati galimoto.

Wogulitsa wa ku Limbe anali wokoma pakamwa tsiku logula. Pa nkhani ya mphira anati imeneyo ili ngati tayala, siilowa mu waranti, ndipo saigulitsa payokha, tigule bokosi lonse la zolumikizira. Mafoni atatu, kenako anasiya kuyankha. Sabata imeneyo tikanawagulitsa makinawa kwa aliyense wobwera ndi theka la mtengo. Tinadula kapayipi ka petulo n'kumanga ndi kilampu, mpaka lero kakugwira.

Koma achimwene, kuti nyali yazima lero sizitanthauza kuti mwakonza. Kompyuta imayeza thanki mafuta akakhala pakati pa 15% ndi 85%, injini itazizira, kunja kusanatenthe kwambiri. Kuno masana a chilimwe kutentha kumapyola 40°C, ndiye imangodikira m'mawa wozizira, ndipo nyali imayaka ikalephera mayeso kawiri motsatizana. N'chifukwa chake kasitomala amabwerera patatha sabata atakwiya. Musamuuze kuti zatha EVAP monitor, mzere wa pa sikana wosonyeza mayeso amenewa, isanalembe kuti yamaliza.

Mumufunsenso mmene amathirira mafuta. Mafuta akasowa anthu amadzaza mpaka pakamwa, akugwedeza galimoto pampu itadula kale. Petulo amalowa m'kabokosi ka makala kosunga nthunzi ya petulo, makala amaphwanyika, tizidutswa n'kukakhala pa valavu kuti isatseke bwino. Fumbi la misewu ya m'minda ya nzimbe ndi matope a madzi osefukira zimachitanso zomwezo pa vent valve.

Ndalama zathu zinabwerera, kwenikweni osati pa ma P0456 ayi, poti ndi ochepa kuno, koma pofufuza mabowo a mapayipi a mpweya wolowa mu injini, ntchito ya sabata iliyonse. Gulani, koma kwa wogulitsa wina, ndipo musapereke ndalama asanakuonetseni mphira yapadera.