Sikelo ya ana ku Ntcheu: mmene anatithandizira kuyambitsa phala mwana wobadwa masiku asanakwane

Mwana wathu anabadwa mimba ili ndi masabata 32, ndipo masiku ake oyamba anakhala m'chipinda cha kangaru, atamangiriridwa pachifuwa panga usana ndi usiku kuti asazizidwe. Ndikufuna kufotokoza za thandizo limene tinalandira pambuyo pake ku sikelo ya ana ya pa chipatala china chaching'ono m'boma la Ntcheu, makamaka itakwana nthawi yomuyambitsa chakudya.

Chimene ndinayamikira koposa ndi mmene anamwino anawerengera msinkhu wa mwana. Kunyumba apongozi anga anali atayamba kale kudandaula kuti mwanayo akulira ndi njala ndipo apatsidwe phala lamadzimadzi, popeza miyezi 6 inali itakwana chibadwire. Anamwino anatsegula buku la kuchipatala, nandisonyeza tsiku limene ndinkayembekezera kuchira, n'kunena kuti: “Mayi, mwanayu anafulumira ndi masabata 8, choncho thupi lake lili ngati la mwana wa miyezi 4. Musathamangire kalendala, muziyang'ana mwanayo.” Kenako anatchula zizindikiro zoti ndidikire: khosi likhwime, azitha kukhala akamuchirikiza, azitsegula pakamwa akaona supuni, ndiponso asamakankhire chakudya kunja ndi lilime. Ulendo wotsatira ndinapita ndi apongozi, ndipo anamwino anawalankhula mwaulemu, akuwatchula kuti agogo, mpaka iwo eni anavomera kuti tidikire.

Tsiku lophunzitsa kuphika ndi limene linandithandiza kwambiri. Mlangizi wa zaumoyo anakoleza mbaula pakhonde, naphika phala la mgaiwa lothira nsinjiro ndi supuni ya usipa wosinja ndi kusefa, kenako anatunga phalalo ndi kupendeketsa supuni kuti tonse tione. Phalalo linatsetsereka pang'onopang'ono, silinayenderere ngati madzi. Anafotokoza kuti mimba ya mwana ndi yaing'ono, ndipo phala lamadzimadzi limaidzaza popanda kumupatsa mphamvu. Anatiuzanso kuti mwana amasunga ayironi, mchere wothandiza kupanga magazi, wambiri m'thupi m'miyezi yomaliza ya mimba, motero wobadwa msanga amakhala ndi wochepa, ndipo n'chifukwa chake nsomba, dzira lopsa bwino, chiwindi ndi nyemba zosenda makungu siziyenera kuchedwa pa chakudya chake. Ndinakondwera kuti sanatitumize kukagula zakudya zam'zitini zodula, koma anatchula zimene timazipeza pa msika wa Lizulu: mbatata ya kachewere, mbatata yofiira m'kati, maungu, mapeyala, nthochi ndi mnkhwani. Anatichenjeza kuti tizisankha mtedza ndi kutaya wachuku tisanasinje, ndiponso kuti uchi usaperekedwe mwana asanakwanitse chaka.

Kunyumba tinayamba ndi masupuni awiri kapena atatu, kawiri pa tsiku, nditayamba ndamuyamwitsa. Masiku oyamba ambiri mwa phalalo ankathera pachibwano ndi pa chitenje changa, ndipo nthawi zina ankaoneka ngati akufuna kusanza, zomwe zinandiopsa kwambiri ngakhale anamwino anali atandiuziratu kuti ndizimukhazika tsonga pamiyendo panga ndi kusamukakamiza. Patatha milungu iwiri anayamba kulondola supuni yekha.

Pali zina zimene ziyenera kukonzedwa. Tsiku la sikelo anthu amachuluka kwambiri, ndipo kuyimirira pamzere m'mawa wa mwezi wa June, mphepo ikuwomba, ndi khanda limene silichedwa kuzizidwa ndi kutenga chifuwa, si chinthu chabwino. Ana otere akanapatsidwa ola lawolawo. Chinanso, mwezi wina amene ankayeza ana analemba kulemera kwa mwana wathu powerengera tsiku lobadwa basi, nandidzudzula pamaso pa amayi anzanga kuti sindikumudyetsa mokwanira. Ndinabwerera kunyumba misozi ili m'maso, ndipo zinatengera anamwino aja kuti akonze mzere wosonyeza kulemera kwake m'bukumo mwezi wotsatira. Onse ogwira ntchito pa sikelo ayenera kudziwa kawerengedwe kameneka, ndipo pachikuto cha buku pazilembedwa moonekera kuti mwanayo anabadwa pa masabata angati.

Ngakhale zili choncho, ndikulimbikitsa mayi aliyense wa mwana wobadwa masiku asanakwane kuti asalephere kupita, anyamule buku lake, apemphe kuonana ndi anamwino asanayambitse phala, ndipo ngati n'kotheka atengane ndi agogo a mwanayo.