Angels Landing, The Narrows kapena Delicate Arch: musankhe iti?

M'chipululu cha kum'mwera kwa Utah, ku America, muli njira zambiri zoyenda wapansi pakati pa matanthwe ofiira, koma zitatu ndi zimene sizichoka pakamwa pa anthu: Angels Landing ndi The Narrows za m'paki ya Zion, komanso Delicate Arch ya m'paki ya Arches, pafupi ndi tauni ya Moab. Matanthwe onsewa ndi mchenga umene unaumbika n'kusanduka mwala, ndipo kufiirako ndi dzimbiri la chitsulo cha m'mwalamo. Kukongola n'kofanana, koma chimene chingakupwetekeni n'chosiyana. Kwina ndi phompho, kwina madzi, kwina dzuwa. Musanawerenge makilomita, dzifunseni kaye kuti pa zitatuzi n'chiti chimene mungalimbane nacho.

Angels Landing ndi ya makilomita 8.7 kupita ndi kubwera, mumakwera mamita 453, ndipo ambiri amatha maola anayi. Mumatsika basi ya paki pa The Grotto, pomwe pali mpope womaliza wa madzi akumwa, n'kuwoloka mtsinje wa Virgin. Njira imakwera padzuwa, kenako imalowa m'kachigwa kozizira ka Refrigerator Canyon, isanafike pa makhota 21 otchedwa Walter's Wiggles. Pamwamba pa makhotawo pali Scout Lookout, ndipo mpaka apa sipafunika chilolezo.

Chovuta chili kutsogolo. Mamita pafupifupi 800 omaliza mumayenda pamsana wopapatiza wa thanthwe, mutagwira unyolo wokhomedwa m'mwala, uku ndi uku kuli phompho lakuya mamita 300 kapena kuposa. Kuyambira pa 1 Epulo 2022, chigawo chimenechi chimafuna chilolezo chimene chimaperekedwa mwamayere pa tsamba la pa intaneti la Recreation.gov. Mayere alipo awiri, ochitika miyezi ingapo ulendo usanafike ndi ochitika kutatsala tsiku limodzi. Anthu angapo anagwa n'kufera pamenepa. Zoyambitsa ngozi n'zodziwika: timchenga topyapyala pamwala timatereretsa nsapato, unyolo ndi umodzi koma okwera ndi otsika amakumana pamenepo, ndiye wina amausiya kuti mnzake adutse. Musasiye unyolo musanapeze popondapo polimba. Botolo ndi foni zikhale m'chikwama chakumsana kuti manja onse akhale opanda kanthu. Mwala ukanyowa kapena ukagwira ayezi, musapiteko. M'miyezi ya Julayi mpaka Seputembala mabingu amakonda kuyamba masana, ndipo pamsonga yopanda pobisala mphezi imayambira inu.

Kunena zoona, munthu amene mutu umazungulira akayang'ana pansi sataya zambiri akalekeza pa Scout Lookout. Chigwa cha Zion chimaoneka bwino kuchokera pamenepo, ndipo kubwerera si manyazi.

The Narrows ndi yosiyana kotheratu, chifukwa njira yake ndi mtsinje weniweniwo. Mumatsika basi pamalo omaliza, Temple of Sinawava, n'kuyenda makilomita pafupifupi 1.6 pakanjira kosalala ka Riverside Walk, kenako mumalowa m'madzi kulunjika kumtunda. Mukafika pa kasupe wotchedwa Big Spring n'kubwerera ndi makilomita 15, ndipo sipafunika chilolezo. Chimafunika kwa okhawo otsika ndi mtsinje kuchokera kumtunda, ku Chamberlain's Ranch, ulendo wa makilomita 26. Ubwino wake waukulu ndi wakuti mumabwerera pamene mwafunira ndipo mumakhala mwaona kale zokwanira. Mukapirira mpaka pamalo otchedwa Wall Street, makoma amatalika mamita ngati 300, pomwe mpata wake ndi mamita 6 mpaka 9 basi.

Madzi amalekeza m'maondo, pena m'chiuno, pena m'chifuwa. Pansi pali miyala yobulungira, yoterera, imene simuiona, ndipo yathyola akakolo a anthu ambiri ovala nkhwaira. Valani nsapato zotseka zala zogwira bwino akakolo, mutengenso ndodo yolimba. M'tauni ya Springdale, pachipata cha paki, muli masitolo obwereketsa nsapato za m'madzi, masokosi a neoprene (nsalu yonga labala yosunga kutentha m'madzi) ndi ndodo. Ndodoyo izitsogola, mwendo uzitsatira. Dzuwa silifika kwenikweni pansi pamakomawo, choncho ngakhale nyengo yotentha tengani juzi youma m'thumba losalowa madzi. Madzi a mumtsinjewu musamwe ngakhale mutasefa, ndipo musamize mutu: kuyambira 2020 mwakhala mukupezeka ndere yapoizoni.

Koma choopsa chenicheni ndi madzi osefukira. Mvula ikhoza kugwa kumapiri kutali, inu muli pansi pa thambo loyera, madziwo n'kukupezani mumpata wopanda kothawira. Mukaona madzi ayamba kuda ndi matope, zinyalala ndi nthambi zikuyandama, kapena mwamva mkokomo kumtunda, kwerani pamalo aliwonse okwera nthawi yomweyo, osayesa kuthamangira kumene munalowera. Ku Wall Street malo okwera kulibe, n'chifukwa chake tsiku lokayikitsa silofikako. Oyang'anira paki amatseka njirayi pakakhala chenjezo la kusefukira, komanso mtsinje ukapitirira ma cubic feet 150 (malita pafupifupi 4,200) pa sekondi, zimene zimachitika kawirikawiri mu Epulo ndi Meyi chipale chofewa chikamasungunuka kumapiri. Amene wakonza ulendo wa miyezi imeneyo asadalire The Narrows yokha.

Delicate Arch imaoneka yachibwana mukaiyika pambali pa ziwirizi: makilomita 4.8 kupita ndi kubwera, kukwera mamita 146, maola awiri kapena atatu. Kupeputsako ndi kumene kumagwetsa anthu. Njira imayambira pa Wolfe Ranch, pomwe palibe madzi akumwa, ndipo gawo lalikulu ndi thanthwe lopanda mthunzi limene limabweza kutentha kumaso. M'chilimwe kumatentha kupitirira madigiri 38 a Celsius. Aliyense anyamule malita awiri a madzi, osachepera, odzazidwa pa ofesi yolandirira alendo kuchipata, ndi kamtedza kamchere, chifukwa kumwa madzi okhaokha thukuta likutuluka kumafooketsa thupi. Pathanthwe mapazi sasiya chizindikiro, ndiye muzitsata timilu ta miyala toikidwa mwadala. Mukafika padothi musapatuke: nkhanambo yakuda imene ili pamwamba pake ndi tizamoyo togwira nthaka, ndipo ikapondedwa imatenga zaka zambiri kuti ibwererenso.

Mamita 180 omaliza ndi kanjira ka m'mbali mwa khoma kokhala ndi chigwembe mbali imodzi. N'kotakata kuposa msana wa Angels Landing, koma ana agwireni dzanja, ndipo nyengo yozizira pamakhala ayezi chifukwa dzuwa silifikapo. Delicate Arch yeniyeniyo, mwala wopindika ngati uta wotalika mamita 16, womwe umajambulidwa pa nambala za galimoto za ku Utah, suoneka mpaka mutakhota komaliza. Umafiira kwambiri dzuwa likamalowa, nthawi imenenso anthu amadzaza, ndipo wotsika mumdima wopanda tochi amasowa timilu tija. M'mawa kwambiri ndi bwino pa zonse ziwiri, kutentha ndi khamu.

Kwa banja la ana ndi akuluakulu, Delicate Arch ya m'mawa ndiyo yoyenera. Kwa munthu wamphamvu amene ali ndi tsiku limodzi ku Zion, ife tingamulozere The Narrows ngati nyengo ili bwino, chifukwa siidalira mayere ndipo zimene zili mumpatamo simungazione mutaima pamwamba penapake. Angels Landing ndi ya amene wapeza chilolezo, tsiku louma, ndipo phompho silimunjenjemeretsa miyendo. Wofuna zonse zitatu apatule masiku anayi, popeza kuchokera ku Springdale kukafika ku Moab ndi maola pafupifupi asanu pagalimoto. Ku Zion, miyezi yambiri yapachaka galimoto zanu sizilowa m'chigwa, ndiye lembani nthawi ya basi yomaliza musanayambe kuyenda. Mukaiphonya pa Temple of Sinawava, kukafika kuchipata ndi makilomita oposa 12 wapansi, nsapato zili zonyowa.