Kasikuluwu kakakana pa Tamagotchi yakale: JIS, labala, guluu kapena kuboola?

Tamagotchi ndi tizidole tamagetsi ta m'thumba toweteramo kanyama ka pagalasi. Zoyambirira zomwe kampani ya Bandai inatulutsa ku Japan mu 1996, n'kufalikira mayiko ena mu 1997, zimayendera timabatire tiwiri ta LR44, ndipo chitseko cha mabatirewo amachimanga ndi timasikuluwu tiwiri. Chimodzimodzinso chidole chofanana nacho cha Digimon cha 1997. Tamagotchi Connection ya 2004 imadya batire limodzi la CR2032, kasikuluwu n'kamodzi. Zidolezi zikagona m'kabati zaka 20, timasikuluwuti timauma gwa, ndipo munthu akangopotokola kawiri katatu mwamphamvu, kamtanda kapamutu kamafufutika n'kusanduka kadzenje. Njira zomwe anthu amalangizana ndaziyesa pafupifupi zonse, ndipo ndimaziyeza ndi funso limodzi: ikalephera, iwononga chiyani? Sikuluwu ina ipezeka, koma chigoba cha 1997 mukachiswa ndiye chapita.

Mkangano woyamba ndi wa sikuludiraiva, Phillips kapena JIS. Pamaso zimaoneka ngati mapasa, zonse ndi zamtanda. Kusiyana kwake kuli kunsonga. Nsonga ya Phillips ndi yopendekeka, moti ikakumana ndi sikuluwu youma imakwera n'kuterereka, ndipo ikaterereka imanyenyako chitsulo pang'ono. Ya JIS, yomwe ndi muyezo wa ku Japan, imakhazikika mpaka pansi pa kamtanda n'kugwira m'mbali monse. Ubwino winanso ndi woti JIS imamasula bwinobwino sikuluwu za Phillips, pomwe Phillips pa sikuluwu ya JIS ndiye pamayambira mavuto. Khalani ndi masaizi awiri, 0 ndi 00, ndipo yambani ndi yaikuluyo, ya 0. Ambirife timathamangira yaing'ono poti kasikuluwuko n'kakang'ono, koma nsonga yochepa imangovina m'kati. Yoyenera ndi imene mukailowetsa siigwedezeka. Za kampani ya Vessel ndi zabwino, ndipo m'mabokosi a zida a kampani ya iFixit mumakhalanso nsonga za JIS. Timasikuludiraiva totchipa togulitsidwa tisanu ndi kamodzi m'kabokosi n'timene ndinaphera nato sikuluwu yanga yoyamba: chitsulo chake n'chofewa, chimapindika chokha.

Kagwiridwe nakonso ndi nkhani. Yalani kansalu patebulo, gonekani chidolecho chafufumimba, kanikizani pansi ndi mphamvu zambiri kuposa zomwe mukupotokolera, ndipo zungulizani pang'onopang'ono. Ikangoterereka kamodzi, imani. Musayesenso "komaliza".

Musanaimbe mlandu sikuluwu, onani chimene chaigwira. Mukaona ufa woyera m'mbali mwa chitseko, ndiye kuti mabatire a LR44 anatayikira m'kati. Madzi ake ndi a potassium hydroxide, ndipo akauma amamata ngati simenti. Apa viniga amaposa mafuta kutali, chifukwa asidi wake amasungunula ufawo. Kadontho kamodzi kunsonga ya kamtengo kotokosera m'mano n'kokwanira, mudikire mphindi 10, kenako mupukute ndi sipiriti wa isopropyl. Mafuta monga WD-40 amathandiza pa dzimbiri lofiira lokha, komabe ine ndimawaopa. Amayenderera mpaka kumabatani ndi kugalasi, ena amafooketsa pulasitiki yakale, ndiponso akafika pamutu pa sikuluwu ndiye kuti nsonga izingoterereka, guluu naye sagwira. Zotenthetsa sikuluwu ndi chowotcherera mawaya zisiyireni okonza njinga zamoto. Pulasitiki imafewa chitsulo chisanamve n'komwe.

Tsopano tinene kuti kamtanda kayamba kale kudyeka. Apa pamapikisana labala ndi guluu.

Labala ndi njira yotchuka kwambiri: mumayala kalabala kophwatalala pamutu pa sikuluwu n'kukanikiza nsonga pamwamba pake. Pa sikuluwu za chitseko cha nyumba imagwiradi ntchito. Pa Tamagotchi, labala womangira ndalama uja amanenepa kwambiri, amadzaza kadzenje konse nsonga osafika pachitsulo. Kachidutswa ka baluni kapena ka magolovesi opyapyala kamachitako bwino. Ngati mizere ya kamtanda ikuonekabe, mwayi ulipo, ndipo ikakanika simunataye kanthu. N'chifukwa chake ndimayamba ndi iyoyi ngakhale kuti kawirikawiri imandikhumudwitsa.

Guluu ndi wina. Mumadontheza supagulu kapena epoxy (guluu wosakaniza mitundu iwiri) pamutu, n'kumatapo sikuludiraiva yoti simukuifunanso, n'kudikira kuti iume. Supagulu ndi wolimba mukamakoka, koma mukamapotokola amathetheka ngati chigoba cha dzira. Choopsa kwambiri n'choti ndi wamadzimadzi: akatsetserekera m'mbali, amamata sikuluwu ku chitseko, ndipo nthunzi yake imasiya chifunga choyera papulasitiki. Epoxy ndi wokhuthala, sayenderera, ndipo amagwira kuposa supagulu, koma amafuna muisiye nsongayo itaima chilili usiku wonse. Pa awiriwa ndingasankhe epoxy, koma ndisanatero ndimaphimba chigoba chonse ndi tepi.

Pulayazi yozulira sikuluwu ya kampani ya Engineer yotchedwa Neji-Saurus ndi chida chabwino, kungoti imafuna mutu wotumphuka, pomwe mitu ya timasikuluwuti nthawi zambiri imabisala m'kadzenje. Kudula mzere ndi kamakina kodulira ka Dremel kuti mulowetse sikuludiraiva yaphwatalala kuli ndi vuto lomweli. Kagudumu kodulirako n'kakakulu kuposa mutuwo, ndiye kamayamba kudya chitseko kasanafike pachitsulo.

Chodabwitsa n'choti njira imene imamveka yankhanza kwambiri, kuboola, ndi imene ndimaikhulupirira mutu ukatheratu. Koma ndikunena kuboola ndi dzanja, ndi kachiboolero kogwira ndi zala kotchedwa pin vise, osati dirilo yamagetsi. Kadzenje kodyeka kaja kamasanduka mwayi chifukwa kamasunga nsonga pakati. Mumazunguliza modekha, n'kumagwedeza nyenyeswa zachitsulo kuti zisagwere m'kati, mpaka mutu utaduka. Chitseko chimanyamuka chokha, n'kutsala kachitsa kotumphuka komwe pulayazi wamba imagwira n'kumasula. Mukapeza nsonga yoboolera chakumanzere ndiye bwino koposa, pakuti nthawi zina imaluma n'kutulutsa sikuluwu yonse mutu usanaduke. Zimatenga theka la ola kapena kupitirira, zala zimawawa, koma chilichonse chimachitika mukuona. Ngati manja anu amanjenjemera, pitani nacho kwa okonza mawotchi kapena mafoni kumsika, zida zazing'onozi ali nazo. Muwauze kuti asatenthetse.

Sikuluwu yakaleyo musaibwezerepo, ngakhale yatuluka yathunthu. Itengeni ngati chitsanzo. Yang'anani mazinga ake: otalikirana ndi a sikuluwu yoluma m'pulasitiki, othithikana ndi a yolowa m'nati yachitsulo, ndipo mukasinthanitsa mudya mazinga a m'kati. Timasikuluwu ta m'mabokosi okonzera magalasi amaso n'tosavuta kupeza, koma tambiri ndi ta mazinga othithikana komanso mitu yaing'ono. Zochotsa pa chidole china chakufa chamtundu womwewo zimalowa ndendende, ngakhale chitsulo chake n'chofewa ngati choyambacho. Zatsopano zachitsulo chosachita dzimbiri, zoyezedwa bwino, n'zimene ndimaika pa zanga. Utali wake usapitirire yakale ngakhale ndi milimita imodzi, chifukwa yaitali imatha kuswa kachipilala kolowamo.

Pomanga, yambani mwazungulizira kumanzere mpaka mumve kuti "ke", ndiye kuti yagwera m'mazinga akale. Kenako mangani ndi zala ziwiri basi, n'kulekera pomwe chitseko chasiya kugwedezeka. Zidole zomwe simukuseweretsa zichotseni mabatire musanazibwezere m'kabati.