Chanco, Magomero kapena kunja: wofuna kuphunzira za chitukuko ayambire kuti?

Amene mwangokhoza Fomu 4 ndipo mtima uli pa ntchito za chitukuko, komanso inu makolo amene mudzalipire fizi, pali njira zitatu zimene kuno ku Zomba timazitchula kawirikawiri: digiri ya ku Chanco, dipuloma ya ku Magomero, ndi digiri yachiwiri ya kunja. Zonse zimatchedwa maphunziro a chitukuko, koma anthu amene zimatulutsa ndi osiyana kwambiri.

Ndiyambe ndi Chanco, popeza ili pakhomo pathu pa Chirunga. Kolejiyi inasamukira ku Zomba mu 1973, ndipo chiyambire 2021, pamene Poly ndi makoleji a zaumoyo anaima paokha, dzina loti University of Malawi linatsalira kuno. Wofuna za chitukuko amalowera ku social science, n'kuphunzira zachuma, za chikhalidwe cha anthu, za chiwerengero cha anthu kapena za ndale ndi kayendetsedwe ka boma kwa zaka zinayi. Development Studies yeniyeni ambiri amakaipeza pa digiri yachiwiri. Chimene Chanco imapatsa munthu ndi luso lofunsa kuti "chifukwa chiyani?" n'kuyankha ndi manambala. Bwanji mudzi uwu unalandira feteleza wotsika mtengo koma njala sinachoke? Bwanji mjigo wa apa unafa chaka chisanathe pamene wa patsidya ukugwirabe? Ndipo palibe mzinda wina m'Malawi woposa uno pa maphunziro amenewa. Likulu la National Statistical Office lili konkuno, National Archives ili konkuno, Centre for Social Research, imene inayamba mu 1979, ili konkunonso. Wophunzira wochangamuka akhoza kugwira mabuku a kalembera wa 2018 ndi malipoti a ma DC a nthawi ya atsamunda sabata imodzi yomweyo, osakwera basi.

Zovuta zake zilipo. Malo ndi ochepa, kusankha kumadutsira ku NCHE, bungwe loyang'anira maphunziro a ukachenjede, ndipo makirediti asanu ndi limodzi, Chingerezi chili pomwepo, ndi poyambira chabe. Ngongole ya boma siifikira aliyense, ndipo ambiri amachita lendi ku Chikanda. Koma chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri n'chakuti munthu akhoza kumaliza zaka zinayi, kukhoza bwinobwino, asanakhalepo pansi pa mtengo pa msonkhano wa VDC, komiti ya chitukuko ya m'mudzi, ngakhale umodzi. Amadziwa zimene akatswiri analemba za umphawi, koma a gulupu akamufunsa kuti "Nanga bwana, mayina a anthu opindula tilembe bwanji kuti pasakhale mkangano?" amasowa poyambira.

Funso limenelo wa ku Magomero amaliyankha. Koleji ya Magomero ili m'boma la Chiradzulu, kupatukira pa Namadzi mukamapita ku Blantyre, ndipo ili pansi pa unduna woona za jenda ndi chitukuko cha m'madera. Ndi kumene kumachokera alangizi a chitukuko, amene timawatcha ma CDA, pamodzi ndi alangizi a chisamaliro cha anthu. Ntchito yawo ndi ya fumbi: kuyang'anira sukulu za kwacha, kuphunzitsa magulu a banki mkhonde kusunga mabuku, kuthandiza VDC kulemba zofuna za mudzi kuti zikwere ku ADC, komiti ya chitukuko ya dera lonse, mpaka zikalowe m'pulani ya khonsolo. Chiyambire 1998, pamene lamulo la maboma aang'ono linabweretsa mphamvu ku anthu, makomiti amenewa ndiwo khomo la chitukuko chilichonse, ndipo bungwe lowalambalala silipita patali. Wa ku Magomero amadziwa kuti msonkhano suitanidwa tsiku la msika, kuti amayi ena salankhula apongozi awo ali pomwepo, kuti kuwomba m'manja kwa anthu sikutanthauza kuti avomera. Zimenezi ndi nzeru zenizeni, ndipo ndimamva chisoni ndikaona achinyamata akuzinyoza chifukwa choti pepala lake ndi dipuloma.

Komabe ndisakunamizeni: dipuloma ili ndi denga. Boma sililemba alangizi chaka chilichonse, ndipo mabungwe akamalengeza ntchito ya mkulu wa pulojekiti kapena woona za kalondolondo wa momwe ntchito ikuyendera amene amati wa M&E amafuna digiri. Amene wasankha njirayi alowe akudziwa kuti tsiku lina adzafunika kubwerera m'kalasi.

Kuti kusiyanaku kumveke bwino, taonani zimene zinachitika m'boma lathu lomwe lino. Mu 2008 ndi 2009, akatswiri a World Bank ndi mayunivesite a ku America anachita kafukufuku kuno ku Zomba pa atsikana a zaka 13 mpaka 22. Ena ankalandira ndalama mwezi ndi mwezi pokhapokha ngati akupita kusukulu, ena ankalandira popanda lamulo lililonse. Anapeza kuti ndalama zokhala ndi lamulo zinasunga atsikana pasukulu kuposa zinazo. Koma ndalama zopanda lamulo ndizo zinachepetsa kwambiri mimba ndi maukwati, chifukwa mtsikana amene wasiya sukulu ankalandirabe, ndiye sankathamangira banja. Zotsatirazi zimaphunzitsidwa m'mayunivesite akuluakulu a dziko lapansi. N'chimodzimodzi ndi Mwandama, umodzi mwa midzi ya Millennium Villages, pulojekiti yofuna kuthetsa umphawi m'midzi yosankhidwa, kumene Ban Ki-moon, mkulu wa United Nations pa nthawiyo, anafika mu 2010: akatswiri akunja akhala akutsutsana ngati njira imeneyo inapindula molingana ndi ndalama zimene zinalowa.

Tsono dzifunseni kuti pa ntchito ngati zimenezi mukufuna kuima pati. Pali woyenda khomo ndi khomo, amene mtsikana angamuuze zoona za chifukwa chimene anasiyira sukulu. Ameneyo Magomero imamukonza bwino. Pali wotenga mayankho zikwizikwi n'kuona ngati kusiyanako n'kwenikweni kapena kwangochitika mwamwayi. Ameneyo ndi wa Chanco, ngati sanathawe statistics. Ndiye pali wosankha funso lenilenilo, wopempha ndalama zake, amene dzina lake limakhala pa lipoti. Mpando umenewu nthawi zambiri sukhala wathu, ndipo zimandiwawa, chifukwa midzi yake ndi yathu, atsikana ake ndi alongo athu.

Apa ndi pamene maphunziro akunja amalowera. Institute of Development Studies ya ku Sussex ku UK, imene inayamba mu 1966, ndi amodzi mwa malo otchuka, ndipo digiri yachiwiri ku UK imatenga chaka chimodzi. Phindu lake lalikulu ndi kuyerekeza. Mtukula Pakhomo, imene inayambira ku Mchinji mu 2006, mumaiika pambali pa ndondomeko zina zopatsa ndalama mabanja osauka, monga Progresa ya ku Mexico ya 1997 ndi Bolsa Família ya ku Brazil ya 2003, n'kuona chimene ife tinachita mosiyana. Mumadziwananso ndi anthu amene adzagwire zikwama za ndalama mawa. Koma kudzilipirira nokha n'kosatheka kwa mabanja ambiri, ndipo Chevening, sikolashipu ya boma la UK, imafuna kuti mukhale mutagwirapo ntchito zaka ziwiri. Lamulo limenelo ine ndimagwirizana nalo. Wopita kunja asanaonepo momwe asodzi a ku Kachulu amavutikira nyanja ya Chilwa ikaphwa, monga inachitira mu 1995 ndi 2018, amakangolandira maganizo a ena. Wopita ataona amakatsutsa, ndipo aphunzitsi ake amaphunzirapo kanthu.

Ine ndikanati ndilangize mwana wa mchemwali wanga, ndikanati: ukasankhidwa ku Chanco, pita, ugwiritse zachuma kapena sociology, ndipo statistics usaizembe ngakhale ivute bwanji. Holide iliyonse upemphe kutsatira mlangizi wa chitukuko ku Jali, ku Mayaka kapena ku Chingale, ngakhale popanda alawansi. Ukapanda kusankhidwa, usakhale pakhomo kudikira chaka china ndi china. Pita ku Magomero, ugwire ntchito, digiri udzaiwonjezere uli ndi mafunso akoako. Zakunja zidze pambuyo pa zonsezi.

Amene mtima wanu uli pa ulimi, ganiziraninso za LUANAR ku Bunda, kumene ulangizi wa zaulimi umaphunzitsidwa mozama. Ndipo ngati mukuyang'ana makoleji oima paokha amene akuchuluka ndi madipuloma a community development, musanalipire ndi tambala yomwe, fufuzani ku NCHE ngati kolejiyo ndi pulogalamu yakeyo n'zovomerezeka, ndipo muwafunse kuti ophunzira awo amakachitira kuti atachimenti komanso kwa miyezi ingati.